Wogonja Sachoka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa choti sindinkadziwa kusewera magemu. Inali nthawi ya tchuthi cha Ogasiti, ndili mu giredi 11. Amayi anga amasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Kapata, ndipo tsiku lina a Daudi, eni ake a kachipinda ka magemu kuseri kwa sitoloyo, anabwera kudzafupikitsa buluku. Akudikira, anadandaula kuti wantchito wawo anamuchotsa chifukwa ankangosewera yekha makasitomala ali pamzere. Amayi anandiloza ine, amene ndinali pamphasa ndikusokerera mabatani. A Daudi anandifunsa ngati ndimasewera magemu, ndipo ndinati iyayi.

"Ndiye ubwere mawa," anatero.

Anawonjezera kuti ndikagwira bwino ntchito, sukulu ikatsegulidwa ndizibwerabe Loweruka lililonse. Ntchito ya Loweruka imeneyo ndinkaifuna kwambiri, chifukwa ndinkalakalaka kudzayamba giredi 12 ndi mabuku angaanga, osadikira makina a amayi.

M'chipindamo munali mativi anayi, iliyonse ndi makina ake, mapadi awiri ndi benchi. Padi ndi kaja kamene wosewera amagwira m'manja, kokhala ndi mabatani ndi timitengo tiwiri toyendetsera. A Daudi anandiphunzitsa zonse m'mawa umodzi, chifukwa iwo amakhala kusitolo yawo ya mafoni m'tauni ndipo amangobwera kawiri patsiku. Ndisanatsegule ndinkachotsa fumbi m'timabowo ta makina ndi mswachi wouma, pakuti mphepo ya Ogasiti imalowetsa fumbi paliponse. Timitengo ta mapadi ndinkatipukuta m'mbali ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti. Ukapanda kutero, wosewera wa pa tivi amayamba kuyenda yekha ngati woledzera, ndipo mwana wogonja amati wabera ndiwe. Padi iliyonse inali ndi nambala yolembedwa pa tepi, kuti ndizidziwa yotchaja ndi yosatchaja. Makina akayamba kulira ngati chigayo, ndinkawazimitsa kudzera pa menyu, osati pakhoma, n'kuwasiya apume. Lamulo langa lalikulu linali loti ndisasewere ndi kasitomala.

Ana nawo anali ndi lamulo lawo, limene ndinalipeza ndipo palibe amene ankadziwa woyambitsa: wogonja achoka. Pafupifupi onse ankasewera gemu ya mpira, mphindi zinayi chigawo chilichonse. Mluzu womaliza ukalira, benchi yonse inkaimba kuti "Siya padi," ndipo wogonja ankapereka padi kwa wotsatira. Mabvuto, mnyamata wa giredi 9 wa ku Nabvutika, ankatha kukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka njala itamuchotsa.

Sabata yoyamba isanathe kunabwera a Mbewe, aphunzitsi athu a masamu. Anati akufufuza ana othawa maphunziro. Palibe anawakumbutsa kuti sukulu n'zotseka. Anaima kumbuyo kwa benchi nthawi yaitali, ndipo ine ndinaona chala chawo chachikulu chikudina makiyi amene anali m'dzanja lawo nthawi iliyonse mpira ukafika pagolo. Anabweranso Lachisanu ndi chifukwa chomwecho. Ulendo wachitatu anakhala pansi, ndipo tsoka lake anakumana ndi Mabvuto.

Anagonja zigoli zisanu ndi chimodzi kwa ziro. Chomvetsa chisoni n'choti mpirawo ankaudziwa. Ankapatsirana bwino mpaka kufika pagolo, koma akati amenye, mpira unkauluka chopingasa kupita ku mbendera ya pakona. Ana anaseka mpaka kugwa pabenchi, ndipo anawaimbira nyimbo yawo ija. A Mbewe anapereka padi akumwetulira. Pakhomo anandiuza kuti ali kukoleji palibe ankawagonjetsa.

"Zinthu izi zimakoma uli mwana, Tamala," anatero. "Ukakula zala zimafa, ndipo kukoma kumathera pomwepo."

Ndinavomera mwaulemu, koma mumtima sindinakhulupirire. Munthu amene chinthu chasiya kumukomera sabwera katatu kudzachiyang'ana. Komanso ndinali nditaona batani limene ankadina. Ana onse ankamenyera golo ndi batani la kumanja, koma iwo ankadina la kumanzere, limene pa gemu yathu ndi loponyera mpira pakati. Madzulo a Daudi atabwera ndinawafunsa ngati pali gemu imene amamenyera ndi la kumanzere. Osadzutsa n'komwe mutu pa foni, anati gemu yakale ya mpira inali choncho, ndipo aliyense wa msinkhu wawo anakulira pamenepo. Apo m'pamene ndinadziwa kuti nawonso ankasewera kale. Nditawafunsa, anati chitsegulire chipindachi sanakhalepo pabenchi, chifukwa akaona padi amangoona chinthu chimene mwana wina athyole mawa.

Ana atachepa ndinalowa mu menyu n'kufufuza. Ndinapeza kuti mabatani amatha kusinthidwa kukhala achikale, kuti chigawo chimatha kutalikitsidwa, ndiponso kuti liwiro la mpira limatha kuchepetsedwa. Ndinaganiza usiku wonse, ndipo m'mawa mwake ndinapempha a Daudi kuti Loweruka tivi yachinayi, ya pakona, ikhale ya akuluakulu okha, yotchinga ndi nsalu, ndipo wogonja asamachoke. Ndinawauza kuti munthu wamkulu amapeza mpata kamodzi pasabata, ndiye mpatawo ukatha m'mphindi zisanu ndi zitatu ana akumuseka, sangabwerenso.

A Daudi sanakondwe. Loweruka ndi tsiku limene ana amadzaza mpaka panja.

"Mpaka 13 awazi," anatero. "Ikafika nthawi imeneyo tiviyo ili chabe, uchotse nsalu yako, ndipo za ntchito ya Loweruka ija tiiwale. Ndinkafuna munthu woyang'anira, osati woganiza zambiri."

Ndinavomera. Ndinaitana ometa tsitsi a pafupi nafe, ndi dalaivala wina wa minibasi amene ndinkamuona akusuzumira pawindo. A Mbewe ndinakumana nawo pamsika Lachinayi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anangoti tiona.

Loweruka ndinafika msanga. Ndinamanga waya kuchokera pawindo kufika pamsomali wa kalendala, n'kupachika zitenje ziwiri za amayi. Pa katoni ndinalemba kuti "Akuluakulu okha. Wogonja sachoka." Mapadi nambala 7 ndi 8 ndinawatchaja mpaka kudzaza, ndinawaika mabatani achikale, ndipo chigawo ndinachiika pa mphindi khumi.

Chimene sindinachiganize n'choti akuluakulu amagwira ntchito Loweruka m'mawa. Ometa tsitsi anali ndi mzere wa mitu. Dalaivala uja anali pa ulendo wa ku Katete. Ana anadzaza mabenchi atatu, ena ali chiimire, ndipo onse ankaona kuti kuseri kwa nsalu kuli tivi yoyaka yopanda munthu. Cha m'ma 10 anayamba kundipempha. Cha m'ma 11 anayamba kundinyoza.

"Sisi Tamala, agogo anuwo akubwera ndi ndodo?" anatero Mabvuto. "Nenani tikawatenge panjinga."

Anyamata anayi anatopa n'kupita kukasewera kwina, ndipo anaonetsetsa kuti ndamva kumene akupita. Kawiri konse dzanja langa linafika pa nsalu kuti ndiichotse a Daudi asanabwere. Ndinaisiya chifukwa ndinaona kuti ndikaichotsa ndekha, sindidzadziwa ngati ndinkanena zoona.

A Daudi anafika hafu pasiti 12. Anasuzumira kuseri kwa nsalu, anayang'ana ana oimirira, kenako anakhala pampando wanga n'kutulutsa foni. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Patatsala mphindi makumi awiri kuti 13 awazi ikwane, a Mbewe anaima pakhomo atanyamula jumbo la tomato ndi kapenta. Phokoso linatsika. Mwana wina ananong'ona kuti "sikisi," kuwakumbutsa zigoli zija, ndipo anzake anaseka chamumtima. A Mbewe anamva. Anandiuza kuti amangodutsa, kenako anawerenga katoni ija n'kufunsa kuti nanga akuluakulu enawo ali kuti. Ndinati sanabwere. Ndinawauza kuti angathe kusewera ndi makina, koma anati kusewera ndi makina kuli ngati kudzichongera wekha mayeso. Anasintha jumbo kupita dzanja lina, ndipo anati tidzaonana tsiku lina.

Ine sindikanatha kusewera nawo, ndipo mwana aliyense m'chipindamo akanawachititsanso manyazi. Munthu wamkulu wina analipo mmodzi yekha. Ndinatenga padi nambala 8, ndinagwada pang'ono patsogolo pa a Daudi, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Bwana, kasitomala alibe mnzake."

A Daudi anadzutsa mutu pa foni. "Ukundilemba ntchito m'shopu yanga yomwe?"

Ndinayankha kuti mapadi onse awiri ndawaika mabatani achikale, ndiye sipakhala wobera mnzake. A Mbewe, amene anali atatembenuka kale, anabwerera n'kufunsa kuti mabatani achikale ndiye kuti chiyani. Ndinawafotokozera kuti tsiku lija sankaphonya golo ayi, koma ankadina batani lomenyera la gemu yakale, limene masiku ano limaponya mpira pakati.

"Ndiye kuti zigoli zija…"

"Zigoli zija zinali zoona, aphunzitsi. Koma ziro uja sanali wanu."

Anaseka kuseka kwenikweni, kumene sindinakumvepo m'kalasi. Kenako anauza a Daudi kuti ngati akuopa, anene poyera pamaso pa ana. A Daudi anaika foni m'thumba n'kulandira padi.

Ntchito yanga sinathere pamenepo. Ana onse anafuna kusuzumira, ndiye ndinaima pansalu n'kulengeza kuti wokweza nsalu ataya malo ake pamzere. Mabvuto anayesa, poganiza kuti katswiri sangachotsedwe. Ndinamuchotsa pampando ali pakati popambana, ndipo padi yake ndinaipereka kwa kamtsikana kamene kanadikira kuyambira m'mawa. Anang'ung'udza kuti akandinenera kwa bwana. Ndinamuuza kuti bwana ali otanganidwa.

Kuseri kunkangomveka mabatani. Kenako ndinamva a Mbewe akufunsa ngati goloboyi wa a Daudi anadya m'mawa. A Daudi anayankha kuti mpira si samu, aphunzitsi asiye kuwerengetsera, angomenya. Chigawo choyamba chinatha opanda chigoli. M'chigawo chachiwiri benchi inagunda khoma, ndipo a Mbewe anakuwa mokweza moti amayi anga anaimitsa makina pakhonde paja. Nditayang'ana wotchi, 13 awazi inali itadutsa kale.

Anasewera katatu. A Mbewe anapambana koyamba, n'kugonja kawiri, ndipo palibe anaimirira mpaka foni ya a Mbewe inalira. Anali amayi a kunyumba kufunsa za kapenta. Akutuluka ankatikita chala chawo chachikulu, ndipo ine ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati kukoma kuja kunathadi.

Anaganiza kaye, monga amachitira wina akafunsa funso labwino m'kalasi. Anati kulipo, koma si komwe kuja. Kale akagonja sankadya, ndipo akapambana ankafuna koleji yonse idziwe. Lero agonja kawiri ndipo sakumva kanthu, kupatula kuti kwa ola lathunthu palibe anawatcha aphunzitsi kapena bambo a uje. Anati vuto lake n'loti chala chikupweteka, ndiponso tomato wina waphwanyika pansi pa benchi.

A Daudi sanandiyamikire. Anayendera mapadi onse monga mwa masiku onse, kenako anati waya wanga ndi wopindika, ndipo Lolemba abweretsa misomali yabwino. Anati tivi ya akuluakulu iziyamba 14 awazi, anthu ataweruka, osati m'mawa ngati mmene ndinachitira ine mopanda nzeru. Ndinavomera kuti pamenepo ndinalakwitsa. Akutuluka anachotsa kiyi mmodzi pa makiyi awo n'kumuika patebulo, ndipo anati sukulu ikatsegulidwa Loweruka ndizitsegula ndekha, chifukwa iwo sangamadzuke m'mawa kudzanditsegulira.

Ndakhala ndikutsegula kuyambira pamenepo. Ometa tsitsi amabwera akatseka, ndipo pali amayi ena ogwira ntchito kuchipatala amene amakonda gemu ya magalimoto ndipo salola kuti wina awalankhule akuyendetsa. Si onse amene zimawakomera. Dalaivala uja anayesa kamodzi, anati maso akumuwawa, ndipo sanabwerenso. Ena amakhala mphindi makumi awiri n'kuyamba kuganiza za ntchito imene asiya kunyumba. Amenewo sindiwakakamiza.

Chimene ndinaphunzira ndinachilemba m'buku langa Loweruka lomwelo, ndipo ndimachitsatirabe. Munthu wamkulu akalowa n'kunena kuti magemu ndi za ana, sinditsutsana naye. Ndimamufunsa kuti anasiya liti kusewera ndiponso ankamenyera batani liti, ndimamukonzera padi, kenako ndimamupezera mnzake wa msinkhu wake. Zoti n'zokoma kapena ayi amanena yekha akamaimirira.

Sukulu itatsegulidwa ndinkaganiza kuti a Mbewe azindiyang'ana mosiyana. Mayeso oyamba a masamu atabwera, anali atandichotsera malikisi awiri chifukwa chosaonetsa njira imene ndinapezera yankho, ngakhale yankholo linali lolondola. Ndinapita kukadandaula patebulo lawo. Anandiuza kuti m'kalasi muno malamulo ndi awo, ndipo anga ndikawasungire Loweruka.