Apongozi a Tiraogo Ali M'khoma la Damu

Nyumba yanga ndi yoyamba kumunsi kwa damu la Tiraogo. Khoma lake la dothi likadzagumuka, madzi adzayamba kulonjera ine ndi mbiya zanga za mowa asanapite kwa ena. Choncho musadabwe kuti munthu ameneyu ndamuyang'anitsitsa zaka zonsezi kuposa mmene ndinkawayang'anira malemu amuna anga.

Tiraogo si wa kuno. Anabwera kuchokera kuminda ya koko ya m'dziko la Kodivuwa ali ndi njinga yamoto, dzino lothyoka ndi pakamwa posatseguka. Anakwatira Nopoko, mwana wa a Wambi, ndipo apongozi akewo anampatsa khwawa louma limene ngakhale mbuzi zinkalinyoza. Iye anaitanitsa chigalimoto chokankha dothi n'kulitseka khwawalo. Anthu anati wapenga. Mvula itagwa madzi anaima, ndipo m'chilimwe anyezi wake anali wobiriwira dziko lonse lili mbuu. Pamenepo anasiya kunena kuti wapenga, n'kuyamba kunena kuti ali ndi kanthu.

Zabwino zake ndinene, ndingaoneke wanjiru. Damu lisanamangidwe, madzi a mu Ogasiti, mwezi umene kuno mvula imakula, ankatsika m'khwawamo ngati tili nawo mlandu, kukokolola nkhuku, mapira ndi zipupa. Litamangidwa, madzi amayamba akhala kaye kumtunda, n'kumatuluka mwaulemu pangalande ya miyala imene ili kumapeto kwa khoma. Koma ine zabwino za munthu wosalankhula sindizimeza msanga. M'mawa uliwonse amayenda pakhoma lake maso ali pansi, kuzula timitengo, kuponda apa ndi apo. Ukamufunsa chimene wataya amangoti, "Palibe, mayi Talato." Palibe bwanji munthu ukufunafuna?

Madzi akakhazikika, ng'ona zimabwera zokha. Kuno ng'ona ndi abale athu. Banja lililonse lili ndi yake, ndipo sitizipha, sitizithamangitsa, sitizinenera zoipa. Yaikulu ya diso limodzi, imene timaitchula kuti a Yaba, ndi ya banja la a Wambi. Inasamuka kudambo lakale n'kudzakhala m'damumo, a Wambi n'kuiphera nkhuku yoyera poilandira. Kuyambira pamenepo Tiraogo akaipeza ikuwothera dzuwa amavula chipewa, chifukwa ng'ona ya kuchikazi ndi mpongozi wako basi.

Chaka chimene ndikunenachi, mitambo itangoyamba kusonkhana, tinamuona Tiraogo ali pangalande paja ndi piki, akukumba. Ankaizamitsa. Ngalande ikazama madzi amatuluka msanga, damu silidzaza, ndipo anyezi amafota chilimwe chisanathe. Tsono munthu amene amakuyang'ana ndi diso loipa ukatunga ndowa yachiwiri angawatsegulire okha madzi ake njira? Pabwalo langa la mowa nkhani inali yomweyo. Ena ankati anakwirira kanthu pansi pa madzi ndipo akufuna akafukule. Mlamu wanga Sibiri, amene mawu ake amafika kumsika iye ali kwawo, anati nkhani ndi ya ng'ona: zinamudyera mbuzi, ndiye akufuna aziumitsire madzi zichoke, pakuti wobwera saopa kanthu. Azimayi anamufunsa Nopoko kuchitsime, iye anati mwamuna wake samuuza. Ine sindinamukhulupirire nayenso.

A Wambi anamuitanitsa pabwalo langa lomwelo. Anabwera, n'kunjuta patali, chipewa pabondo. Atamufunsa chimene akukumbira, anayankha kuti madzi achuluka.

"Achuluka mvula isanagwe?" anatero a Wambi.

Tiraogo anangoyang'ana pansi.

"Alamu, lankhulani ngati mwamuna," anatero Sibiri. "Mukufuna a Yaba agone pamchenga ngati buluzi?"

Anapukusa mutu, koma sananene kanthu. Kwa ife kukhala chete kumeneko kunali kuvomera.

Tsiku la msika Tiraogo atapita kutauni ya Kaya, amuna a m'mudzi anakwera kudamu masanasana, ng'oma ikulira ngati pa ntchito ya mudzi wonse. Anadzaza ngalande ija ndi miyala ndi matumba a dothi, n'kuikweza kuposa mmene inalili poyamba, kuti a Yaba asambe momasuka. Mowa ndinagulitsa wambiri tsikulo. Tiraogo atabwerako anayamba kuchotsa miyalayo, koma a Wambi anatumiza mawu akuti wokhudza miyala imeneyo wakhudza iwo. Anaisiya. M'mawa mwake anaima pakhomo panga n'kundiuza kuti ndisamutse mbiya zanga, ndikakhale kaye kwa mchemwali wanga kumtunda. Nditamufunsa chifukwa, anati basi. Ndinaganiza kuti maso ake agwera malo anga, ndipo ndinamuuza kuti amuna anga anakwiriridwa pano, inenso sindichoka.

Mvula yaikulu inayamba m'mamawa tsiku lina, osapumira. Pofika masana damu linali litadzaza mpaka pamilomo, monga sitinalionepo. Ndinapita kuseri kukafunditsa nkhuni, ndipo ndinaona kasupe patsinde pa khoma, pamalo pamene sipanatulukepo madzi. Poyamba anali oyera. Ndili chiimire anayamba kufiira. Sindinapite kusukulu ine, koma madzi ofiira otuluka m'khoma la dothi ndiye kuti akulidya m'kati. Ndinachita mantha enieni, amene sindinachite ngakhale pobereka.

Ndisanakuwe, Tiraogo anali atafika kale. Zikuoneka kuti ankadziwa pokayang'ana. Anatapa madziwo m'manja, kuwayang'ana, n'kuthamangira kungalande. A Wambi anali komweko ndi ambulera yawo, akuyamikira mmene madzi akwerera. Tiraogo anagwada m'matope.

"Bambo, ndikhudza miyala yanu. Mlandu tidzakambe tili amoyo."

Sanadikire yankho. Analowa m'madzi ofika m'chiuno n'kuyamba kugubuduza miyala. Nopoko ndiye anayamba kumutsatira, bambo ake akuona. Ine ndinamupeza Sibiri atabisala pansi pa mtengo, ndipo ndinamuuza kuti anasenza miyala ija poibweretsa, aisenzenso poichotsa, apo ayi chikho changa asadzachigwirenso. Anapita, ndipo ena anamutsatira akung'ung'udza kuti mlendoyu watilodza.

Matumba atachoka, madzi anaphulika pangalande n'kulowera mbali ya dimba la Tiraogo. Anatenga mpanda, mbande za anyezi ndi injini yake yopopera madzi. Mwala wina unamuphwanya zala ziwiri. Ine ndinabwerera kukakhala pa kasupe kaja, ndikumuyang'ana ngati wodwala. Dzuwa lisanalowe anayamba kuchepa, kenako anangotsala chinyezi. Khoma linaima.

Madzi atatsika kufika pamene Tiraogo ankafuna poyamba paja, tonse tinaona. Pakati pa khoma, mbali ya madzi, panali dzenje loti munthu wamkulu n'kukwawamo, lolowera m'kati. Pakhomo pake panali patagona a Yaba, diso lawo limodzi lili pa ife. A Wambi anayang'ana nthawi yaitali, kenako anamufunsa mkamwini wawo kuti dzenjelo analiona liti. Iye anati m'chilimwe, madzi ataphwa.

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndikanati wakumba ndani, bambo?"

A Wambi anapinda ambulera yawo n'kumapita, ndipo mlandu wa miyala sunakambidwe mpaka lero.

Dzenjelo lilipobe, chifukwa mwini wake akugonamo, ndipo palibe amene angamuuze kuti asamuke. Tiraogo anangounjika dothi ndi miyala kuseri kwa khoma, ngalande n'kuisiya yozama. Damu lake silidzazanso. Anyezi amafota kutentha kusanafike pachimake, njinga yamoto ija anagulitsa, ndipo khasu amaligwira ndi zala zotsalazo. Sibiri tsopano akuti munthu wodziwa pogona ng'ona ndiye kuti amalankhula nazo.

Ena amamutama kuti ndi mkamwini waulemu. Ine ulemu umenewo umandinyansa, ndipo ndinamuuza pamaso kuti ukanandipha. Anandiyankha kuti paja anati ndisamutse mbiya. Chikho choyamba cha mowa ndimampatsa iye, sindikana, koma ndimamuyang'ana m'maso akamamwa. M'mawa uliwonse akamadutsa pakhoma paja maso ali pansi, ndimamufunsa chimene waona, ndipo amati, "Palibe, mayi Talato." Akangotero ndimasiya moto ukuyaka, n'kupita kuseri kukayang'ana ndekha.