Tsiku Limene a Sakala Anatseka Pakamwa

Ana a ku Kabwata ankawadziwa a Amock Sakala ngati mdala wometa tsitsi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, wa lumo lobuntha ndi pakamwa posatopa. Koma makolo a anawo akamadutsa pamenepo ankachepetsa liwiro, ena n'kuyamba kuseka asanapatsidwe n'komwe moni.

A Amock anafika mu Lusaka kuchokera ku Fort Jameson, kum'mawa kwa dziko, ali mnyamata, atakolekera banjo yopanga okha ndi chigubu cha mafuta. Dziko lisanalandire ufulu, mawu awo ankamveka pa wayilesi mpaka kumigodi, ndipo Loweruka holo inkadzaza mpaka m'mawindo. Tisanamizane, kuimba kwawo sikunali kwapamwamba. Mawu anali osasa ngati a tambala wokalamba. Luso lawo linali lina. Ankafika msanga n'kukhala pakati pa anthu ngati mlendo, khutu lili tcheru. Akakwera pansanja ankaimba munthu aliyense ndi dzina lake: uyu jekete ndi yobwereka, uyo wauza mkazi wake kuti ali ku kwaya. Woimbidwayo ndiye ankaseka koposa, chifukwa a Amock ankadziwa pamene nthabwala imalekera kukoma n'kuyamba kupweteka, ndipo sankafikapo. Amene sanaimbidwe ndiye ankapita kwawo atakhumudwa.

Kenako kunabwera magitala a magetsi ndi anyamata a mabuluku osesa msewu, banjo ija n'kupachikidwa pamsomali. A Amock sanadandaule poyera. Anagula lumo ndi mpando, n'kumasangalatsa mutu umodzi umodzi.

Mu 1978 chitsiriza wawo Bernadette, namwino, anapeza banja. Mnyamatayo anali Oswell, Mbemba, mwana wa a Mpundu, bwana wamkulu m'boma wokhala ku Woodlands. Ukwati utayandikira, Bernadette anagwada pafupi ndi bambo ake, maso ali pansi, n'kuyamba kuwachonderera.

"Ba Tate, ku Woodlands kuja ni bantu ba ulemu. Kuzabwela mabwana. Napapata, musakakambe vosekesa. Osaimba, osachula muntu. Mukankale chabe zii."

A Amock anamva bwino lomwe zimene mwanayo sananene, kuti ankachita nawo manyazi. Zinawapweteka kwambiri, koma ankamukonda kuposa pakamwa pawo.

"Namvela, mama. Nizankala monga mupando," anatero.

Akazi awo, mayi Eness, anangopukusa mutu. Pa zaka zonse za banja lawo anali asanaonepo bambowo atakhala chete, ngakhale m'tchalitchi.

Phwando linachitika masana pa kapinga wa kunyumba kwa a Mpundu, pansi pa tenti. A Amock anakhala mowongoka mu suti yawo yakale. Anaona azakhali ena akulowetsa nkhuku m'chikwama, anaona woimba gitala akuvutika ndi nsapato zazitali ngati njerwa, nyimbo n'kumadzipeka zokha m'mutu. Zonsezo anameza.

Anthu atadya, a Mpundu anaimirira. Pajatu Abemba ndi anthu a kum'mawa ali pa chimbuya, chibale cha nthabwala chimene chinatsala makolo awo ataleka nkhondo. Amanyozana poyera, pa maliro ndi pa ukwati pomwe, ndipo wonyozedwa ayenera kubweza. Kusabweza ndiye chipongwe chenicheni, kuli ngati kumuuza mnzako kuti si mbale wako. Bernadette, mwana wa m'tauni, zimenezi ankaziona ngati phokoso la okalamba.

"Shani, ba Sakala," anayamba a Mpundu ndi moni wa kwawo, nkhope ili gwa. "Mwamene tinamvela ati bakum'mawa babwela, mbeba zonse za mu Woodlands zatawa. Mwakuta nato, olo tikakumbileko ku munda?"

Anthu anaseka za kudya mbewazo, onse n'kutembenukira kwa a Amock. Yankho linali kale pa lilime. Anayang'ana mwana wawo ali mu velo yoyera, n'kunena motsitsa kuti, "Zikomo, bwana. Takuta."

A Mpundu anaponyanso ina, yakuthwa kuposa yoyamba. A Amock anangoweramitsa mutu. Kuseka kunazilala. Achibale a mkwati anayamba kunong'onezana kuti kodi anthu awa akutiyesa ayani, mwina ukwatiwu sanaufune. A Amock ankamva zonse, thukuta lili kamukamu, koma lonjezo ndi lonjezo.

"Nenze kubamvela aba bamudala pa wayalesi ku Mufulira nikali mufana," anatero a Mpundu pokhala pansi, mawu atagwa. "Nauza banzanga bonse ati lelo muzamuona Sakala na menso. Kapena tabalakwila."

Mkwatibwi sadzutsa mutu, sayendayenda pa ukwati wake. Koma Bernadette anadzuka, n'kudutsa pakati pa matebulo, n'kukagwada pa udzu ndi diresi yoyerayo.

"Ba Tate, bayankeni."

"Unakamba ati ninkale zii."

"Ninalakwa. Bayankeni, napapata."

A Amock anaimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kukonza tayi.

"Ba Mpundu," anatero, "nenze kudabwa kuti mitengo yonse iyi mu Woodlands, koma mulibe kolwe olo umozi. Manje naona mimba yanu, naziba kwamene banayenda."

Za kudya anyanizo, zomwe Abemba amasekedwa nazo, zinawagwetsa a Mpundu ndi phwete, mpaka kumenya tebulo. Basi, khomo linatseguka. Popanda banjo, akuwomba m'manja, a Amock anaimba azakhali a nkhuku aja, anaimba wa gitala, anaimba mabwana mmodzi mmodzi, ndipo mabwanawo ankakweza manja kuti asaiwalidwe.

Potsiriza anatembenukira kwa mkwatibwi. Anatchula dzina lake, n'kutsegula pakamwa kuti amuseke ngati ena onse, koma sanapeze choseka. Misozi inayamba kutsika, ndipo anaima pakati pa anthu osatha kupitiriza.

A Mpundu ndi amene anawapulumutsa. Anayambitsa nyimbo yakale ya a Amock, yotsanzika mwana wopita kubanja, ndipo tenti yonse inavomera, Abemba ndi a kum'mawa, osaphonya liwu. Mayi Eness ankaimba. Oswell nayenso ankaimba, poti anakula akuimva kwa bambo ake. Bernadette anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti pa tebulo lonse la akwati, iye yekha ndiye sankaidziwa nyimbo ya bambo ake.