Beseni la Amalume ndi Bondo Langa

Beseni lija linali loyera, la mkombero wabuluu, logamphuka malo atatu. Amalume anabwera nalo kuchokera ku Joni, kumene ankaphika buledi m'khitchini ya pamgodi. Atabwerera kwathu ku Bwanje anamanga uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba ya amayi, n'kuyamba kuphika masikono ogulitsa pamsika.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 3 ndinagwa mumtengo wa bwemba n'kuthyoka mwendo. Atandichotsa chikhakha kuchipatala, mwendowo unatuluka wowonda, wotuwa, bondo litauma gwa. Adokotala sanawabisire amayi: bondolo likapanda kutikitidwa ndi kupindidwa tsiku ndi tsiku, mwanayu adzakhala wotsimphina moyo wake wonse. Amayi anayesa kawiri. Nditakuwa anasiya, nawonso misozi ili mbwembwembwe.

"Achemwali, inu muzipita kumunda," anatero amalume. "Ntchito iyi ndisiyireni ine. Mbumba yanga siyenda chokwawa ine ndili moyo."

Amalume sukulu sanapite nayo patali, koma anali ndi mawu amodzi a Chingerezi amene ankawanyadira ngati njinga yatsopano, akuti "knead". Ankati mzungu wa kukhitchini anawauza kuti mawuwa amanena za kukanda ufa, kukanda dothi loumbira mbiya, ngakhalenso kutikita thupi la munthu. Ntchito yake ndi imodzi: kukankha ndi chikhatho, kupinda, kutembenuza, mpaka chouma chifewe. Tsoka langa linali lakuti iwo anakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse.

Chinali chilimwe, chija cha ku Bwanje choti dothi limawotcha mapazi dzuwa lisanakwere n'komwe. M'mawa ndinkamva beseni likugunda pansi, gu gu gu, fungo la yisiti lili ponseponse. Akamaliza, ankavundikira ufawo ndi nsalu kuti ufufume, n'kusamba m'manja, n'kutembenukira kwa ine. Nthawi yoti ufa ufufume inali nthawi yanga.

Ankandigoneka pamphasa, n'kudzola mafuta ophikira m'manja. Zala zawo zinali zokhakhala, ndipo zikalowa mukatumba ndinkaona mdima. Kenako ankapinda bondo lija pang'onopang'ono mpaka pamene linafika dzulo lake, n'kupitirirapo pang'ono.

"Lira, mwanawe, koma mwendo usabweze."

Ndinadana nawo, ndisaname. Masikono awo ndinkakana. Ndinawatcha mfiti anthu akumva. Tsiku lina ndinakabisala m'nkhokwe, iwo n'kunditulutsamo ndili gaga yekhayekha. Tsiku linanso ndinawaluma pamkono mpaka magazi. Anangoyang'ana balalo, n'kupitiriza. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikakumbuka zimenezi manyazi amandigwira. Mwana wanga ataluma munthu choncho sindikudziwa ngati ndingaugwire mtima.

Mvula yoyamba itagwa, anthu ali yakaliyakali ndi nazale za mpunga, ndinayenda ndekha kuchoka pakhonde mpaka pamsewu, popanda ndodo. Amayi analulutira mpaka aneba anatuluka. Amalume anangosuzumira kuchokera ku uvuni n'kunena kuti, "Nanga waimiranji? Sukulu ili uko."

Anatisiya kalekale amalumewo, ndisanawathokoze bwinobwino. Mwendo umene anaukanda ndi umene ndimapondera matope m'munda mwanga, ndi umene ndimapalasira njinga kupita ku Kasinje. Beseni lija lili kwanga, ngakhale linabooka.

Koma pali chimodzi chimene chimandiwawa. Tsiku lililonse akathana nane, amalume ankapita kuseri kwa uvuni n'kukhalako kanthawi ndithu. Pobwera maso anali psuu.

"Utsi," ankatero, ngakhale palibe amene wawafunsa.

Ine ndinkasangalala kuti utsiwo ukundibwezerera. Sindinadzifunsepo kuti unkachokera kuti, poti akatero m'pamene ankayamba kufunafuna machesi.