Mabuleki a Agogo Bonifasiyo

Agogo anga aamuna, a Bonifasiyo, ndikawakumbukira ndimaona miyendo yokha itatulukira kunsi kwa galimoto, pansi pa mtengo wa pichesi, fungo la girizi ndi labala wopserera litadzaza bwalo lonse. Nkhondo isanafike kwathu ku Ntengo-Wambalame, kutsidya kwa malire a Malawi, ankanyamula mbatata ya kachewere kupita nayo kumsika. Itafika, anayamba kunyamula odwala ndi ovulala, poti galimoto ina kunalibenso kwathu konse.

"Oyenda pang'onopang'ono ndiwo akuwomberedwa," ankatero. "Koma m'mapiri muno sungathamange usanadziwe kuti uima bwanji."

Mabuleki akale akatentha pamtsetse ankafewa, phazi n'kumira mpaka pansi. Ndiye tsiku lina agogo anapita wapansi kukamasula zitsulo pa galimoto yaikulu imene inaotchedwa pamsewu, poti kutsogolo kwake moto sunafike. Anabwera atasenza madisiko, zimbale zachitsulo zozungulira limodzi ndi tayala, ndiponso zopanira zake zomwe ankazitcha mapinsa.

"Abambo, za anthu akufa mwabwera nazo pakhomo pano?" anafunsa agogo aakazi.

"Akufawo anaima kale, mayi. Tatsala ndife."

Anatha masiku akupala, kuboola, kukwecha zitsulo pamwala mpaka zala zinasupuka. Tsiku loyesa, galimoto inabwera ikuulutsa fumbi n'kuima nji, nkhuku zili balala. Kanali komaliza kuwaona akuseka.

M'mawa wina wachifunga, amayi anga, amene anali oyembekezera, zinawavuta: mwana sankatuluka. Agogo anawagoneka pamphasa kumbuyo kwa galimoto, agogo aakazi atawagwira mutu, ulendo wa kuchipatala ku Tsangano. Ine anandisiya kwa azakhali, ndipo zotsatirazi ndinazimva kwa amayi.

Pokhota pena, galimoto ili pa liwiro, mayi wina wobereka mwana anatulukira m'chimanga akuthawa anthu amfuti. Agogo anaponda buleki. Galimoto inaima mayiyo atatsamiza manja pa chitsulo chakutsogolo, osakalika n'komwe.

"Kwerani msanga, mayi!" anafuula agogo aamuna.

Mayiyo atangokwera, mfuti zinalira. Chipolopolo chinaboola chitseko n'kuwalowa agogo m'nthiti. Anayendetsabe, dzanja lina pachiwongolero, lina pabala, mpaka pachipata cha chipatala. Anazimitsa injini, nati, "Mumutsitse bwino mwana wangayo." Koma agogowo anthu anachita kuwanyamula powatulutsamo.

Mlongo wanga anabadwa masana a tsiku lomwelo. Agogo aamuna sanapulumuke; maliro awo anali achangu, opanda nyimbo, ndipo mwanayo asanakhwime n'komwe tinali titathawira ku Malawi, katundu ali pamutu.

Mayi wobereka mwana uja anasowa m'chipwirikiti cha pachipatala, palibe anamufunsa dzina. Lero ndine mphunzitsi, ndinabwerera kwathu, ndipo ndikalowa mumsika wa Tsangano ndimapezeka ndikuyang'anitsitsa nkhope za anthu a msinkhu wa mlongo wanga. Mwina mmodzi mwa iwo ndiye anali kumsana kwa mayi uja tsiku lija. Sindidziwa ngakhale kuti anali wamwamuna kapena wamkazi.