Mwala wa m'munda mwa amayi

Kwathu ku Kadewere miyala sitinkaiwerengera, inali yoyanikapo makaka basi. Koma matipate atabwera, malole anayamba kufika kudzafuna kwale womangira nyumba ku Limbe, ndipo mwala uliwonse unapeza mwini wake.

Amuna anga ankaswa miyalayo ndi moto. Ankaunjika zitsa ndi matayala akutha pamwala, kuyatsa, ukapsa nkuthira madzi ozizira, mwala nkung'aluka. Ife akazi nkumagogoda zibenthuzo ndi hamala. Aliyense ankadziwa kuti woyatsa moto ndiye mwini mwala.

Achimwene anga okha ndiwo analibe nazo zimenezo. Munthu waulesi ngati uja sindinamuonepo. Anadikira amuna anga atenthe chimwala cha m'munda mwa amayi, ndiye poti tulukira, chigubu cha madzi m'manja.

"Alamu, chokanipo," anatero achimwenewo. "Mkamwini alibe mwala pamudzi pano."

Amuna anga anangoti, "Moto ndayatsa ndine," nkuwerama kuti akokere makala pambali. Achimwene anawatchaya ndi chigubu chija m'khosi, nkuwakankhira pamwala, bondo pamsana. Ndinamva fungo ndisanamve kukuwa. Amuna angawo ndinawakoka miyendo, khungu la manja onse awiri ndi la tsaya nkutsala pomwepo.

M'minibasi yopita ku Boma amayi anakhala mondipanikiza, kumanditsina ntchafu.

"Ukanene kuti anaterereka. Mwamuna upeza wina, mlongo ukamutenga kuti?"

Kupolisi, kumene tinayamba tadzera tisanapite kuchipatala, anafunsa kuti wachita izi ndani. Amuna anga milomo inali itatupa, sakanatha kuyankhula. Ankangondiyang'ana ndi diso limodzi lomwe linkatseguka. Amayi nawo maso ali pa ine. Mtima wanga unali utawira, ndipo mpaka lero ukadawirabe.

Ndinatchula achimwene, dzina lonse, ndi pomwe akawapeze.

Anawamanga. Amuna anga anachira, koma zala zinapindika, hamala sanaigwirenso. Ndinkawadyetsa ndine, kuwasambitsa ndine.

Khomo la amayi ndi langa zinkayang'anizana. Nyamakazi itawagwira, ndinkawatungira madzi m'mawa uliwonse nkuwatulira pakhonde. Iwo ankakwawa, kukankha ndowayo ndi chigongono, madzi onse pansi, nkutuma mwana wa eni kukatunga ena kudilawo. Anamwalira osamwako madzi anga.