Madzi a Nsomba za a Joachim

A Joachim anabadwira ku Angonia, koma zaka zawo zambiri anazithera pa esiteti ya tiyi ku Honde, kufupi ndi Samanga. Anayamba ndi kuthyola tiyi. Msana utayamba kuvuta, anawaika ku pampu. M'mawa uliwonse ankakwera kuthanki yaikulu ya pamtunda, nkhungu ikuwalekeza m'mawondo, n'kuthiramo klorini kuti anthu a m'komboni asamadwale m'mimba. Anali munthu wa mawu ochepa, wokonda kuyang'ana chinthu chimodzi mpaka kuiwala kumene amapita.

Mu 1988 mkazi wa manijala, posamukira ku Harare, anawasiyira bokosi lagalasi lowetera nsomba. Akazi awo, a Tabeth, atangoliona anati n'labwino kusungiramo nyemba.

"Nyemba sizisambira, amake Madalena," anatero a Joachim.

Loweruka analidzaza madzi a pampopi, n'kutsikira kumtsinje wa Pungwe kukakola timatemba tisanu. Pofika Lamlungu masana, tonse tinali titayandama chagada. Ananunkhiza madziwo, ndipo anamva fungo la klorini, lomwe lija la m'zala zawo.

Patapita milungu iwiri anakwera basi pa Hauna kupita ku Mutare. M'sitolo ya mbalame ndi nsomba zoweta anaima nthawi yaitali, kuwala kwa madzi kukuvina padenga, mpaka mtsikana wogulitsa, dzina lake Rozi, anawakhudza pamkono. Atamva nkhani yawo, anandandalika mabotolo atatu patebulo. Loyamba linali lochotsa klorini, lachiwiri la mankhwala a buluu a nsomba zodwala, lachitatu lodyetsera zomera za m'madzi. Pambali anaika paketi ya mchere.

Dzanja la a Joachim linapita pa la buluu. Linkaoneka ngati thambo la mwezi wa Juni litatsekeredwa m'botolo.

"Limenelo lisiyeni, sekuru," anatero Rozi, kutanthauza kuti agogo, akusakaniza Chimanyika ndi Chinyanja chothyokathyoka. "Nsomba zanu sizinadwale, zinapsa ndi madzi. Tengani loyambali basi. Madontho anayi pa ndowa imodzi. Pansi muike timiyala ta mumtsinje, madzi akhale sabata yathunthu opanda nsomba. Mukadzayamba, muyambe ndi ziwiri."

"Ndiye kuti mankhwala amene ndimathira ine m'mawa, awa amachotsa?"

"Eya. Anthu amafuna anuwo, nsomba zimafuna awa."

A Joachim anaseka pang'ono, n'kuika kabotoloko m'thumba la malaya, cha pamtima.

Sabata yodikirayo ndi imene anthu a m'komboni sanaiiwale. Bokosi linali pawindo, muli madzi, timiyala, ndi kaudzu kamodzi ka mu Pungwe. A Joachim akaweruka ankakhala pampando n'kumayang'ana. Dzuwa likapendeka, mizere yonse ya tiyi ya kutsidya inkalowa m'galasimo chadodolido, pamodzi ndi amayi osenza madengu, akuyenda mitu ili pansi ngati akusambira. Anthu ankabwera kudzafunsa kuti nsomba zili kuti. Iwo ankangoti, "Madzi akupsa." Tsiku lachisanu anapeza a Tabeth atakhala pampando uja, mpeni ndi chinangwa zili pamiyendo, osasenda.

Nsomba ziwirizo zinabwera ndi dalaivala wa basi m'botolo la jamu, kuchokera kwa Rozi. Zinali zazing'ono ngati chala chamkombaphala, yaimuna ya mchira wamawangamawanga. Sizinafe. Mwezi usanathe a Tabeth anaona timaso tiwiritiwiri tikuyenda pakati pa miyala. Yaikazi inali itabereka ana amoyo, osaikira mazira, ndipo nkhaniyi inafika mpaka kufakitale.

Kuyambira pamenepo amayi ankabwera ndi mabotolo awo kudzapempha tiana. A Joachim sankakaniza munthu, koma botolo lililonse ankayamba alinunkhiza, n'kudonthezamo dontho limodzi, n'kumuuza mwiniwake kuti abwerenso pakatha sabata. Ena ankanyinyirika, koma ankabwera.

A Joachim anapuma ntchito mu 1995 n'kusamukira kukamunda kawo ka nthochi ku Mandeya. Kumeneko madzi ndi a pakasupe, sasowa dontho lililonse. Katundu anatsogola pa thirakitala. Bokosi analinyamula okha awiri ndi a Tabeth, wina uku wina uku, madzi ali theka, m'kanjira kotsika pakati pa nthochi, akupuma paliponse pamene madzi agavira.