Tsamba limene abwana anadula

Ufulu utangobwera, mkuwa ukuyenda malonda, ndinalembedwa ukalaliki pa mgodi wina ku Kitwe. Ndinali ndi kasukulu kanga ndi tayi imodzi, ndiye ndinkadzimva kwabasi. Amene anandipezera malowo anali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anakalambira pansi pa mgodi akuyang'anira mapampu otulutsa madzi. Kuwerenga ankatha Baibulo lokha, Chingerezi ayi.

Masiku amenewo ntchito za azungu zinayamba kupatsidwa kwa eni dziko. Abwana anati palembedwe buku la kayendetsedwe ka mapampu, ndipo wofuna ukapitao aziyesedwa kuchokera m'bukumo. Kulemba anandisenzetsa ine, iwo kwawo kunali kukonza. Amalume ukapitaowo ankaufuna ndi mtima wonse, ndipo aliyense pansi ankadziwa kuti ndi wawo.

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkapita kwawo ku Chimwemwe. Iwo ankanena, ine ndinkalemba m'Chingerezi. Tsiku lina anandigwira dzanja kuti ndimvetsetse.

"Mphwanga, kawotchi kaja ka pa pampu kamanama. Matope akalowamo kamangoima ngati zonse zili bwino. Iwe tenga chitsulo, ugunditse pa pampu, mbali inayo kukhutu. Pampu yodwala imakukuta mano. Ulembe zimenezo, zidzapulumutsa ana a anthu."

Ndinalemba tsamba lathunthu, ndipo ndinalinyadira.

Okonza anali atatu, aliyense ndi cholembera chake. Mapepala ankapita oyera, n'kubwerako ali psuu ngati pophera nkhuku. Wina ankachotsa mawu, mnzake n'kuwabwezera, ine n'kutaipanso zonse pa makina. Wamkulu wawo, amene nsapato zake sindinazionepo ndi matope, anandiitana n'kufunsa kuti za chitsulozi ndazitenga kuti. Nditamuuza, anadula tsamba lonse ndi mzere umodzi, kuchokera pangodya kufika pangodya. Anati mgodi si kwa sing'anga. Pamwamba analembapo kuti munthu awerenge kawotchi, akanene kwa injiniya.

"Inde, bwana," ndinatero. Ndinamwetulira kumene, ndipo kumwetulirako kumandinyansa mpaka lero.

Amalume atandifunsa ngati za chitsulo zija zalowa, ndinayang'ana pansi.

"Zonse zalowa, amalume."

Manyazi anapha lambe. Ndinalephera kuuza munthu wamkulu kuti nzeru zake zatchedwa zausing'anga. Iwo anakondwa, mpaka anauza anzawo kutchalitchi kuti mawu awo ali m'buku la azungu.

Tsiku la mayeso linafika. Osadziwa Chingerezi ankafunsidwa pakamwa, ndipo womasulira anali ine. Amalume analowa atavala jekete la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Abwana atatu aja anali kuseri kwa tebulo, buku lili patsogolo. Funso lachitatu linali lomwe ndinkaliopa: udziwa bwanji kuti pampu yayamba kuvuta?

Amalume anawongoka, nkhope ili ngwee. Anafotokoza za chitsulo, za matope, za kawotchi konama, mpaka kutsanzira kulira kwa pampu ndi pakamwa. Yankho la m'buku ndinkalidziwa, ndipo ndikananena limenelo m'malo mwake palibe akanazindikira. Koma wamkulu uja ankandiyang'ana, ndipo ndinaopa ntchito yanga. Ndinamasulira liwu ndi liwu. Wina mwa abwanawo anaseka m'mphuno, wamkuluyo n'kulemba kanthu kafupi.

Ukapitao anapatsa munthu wongochoka kusukulu amene analoweza bukulo pamtima. Amalume ndiwo anakamuonetsa pamene mapampu ali.

Azunguwo ndinawakwiyira zaka zambiri, ndipo sindinasiye. Koma iwo anadula pepala chabe. Amene analowetsa amalume m'chipinda chija osadziwa kanthu ndine.

Zotsatira zitatuluka, amalume anandipeza panja pa ofesi. Sanakalipe.

"Mphwanga, unawauza monga ndinanenera?"

"Inde, amalume."

Anaganiza pang'ono, n'kupukusa mutu mondimvera chisoni.

"Ndiye kuti buku lathu lija sanaliwerenge. Unangovutika chabe, mwana wa mlongo wanga."

Anapuma pantchito n'kubwerera kumudzi akukhulupirira zomwezo, ndipo tinawaika m'manda ndisanawauze.